Achemwali ake amudyetsa kale phala pa miyezi 4, nditani tsopano?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe amene amagulitsa kaunjika. Ali ndi khanda lachimuna la miyezi 4, ndipo akhala akuliyamwitsa mwakathithi monga anawalangizira kusikelo. Masiku atatu pa sabata amalawirira kumsika n'kubwerako cha m'ma 1 koloko masana, mwana n'kutsala ndi agogo ake. Koma agogowo amakhala ndi zochita zawo, choncho chitsekereni sukulu amene akubereka mwanayo ndi achemwali ake a zaka 9. Tsiku lina pobwera anapeza tizidutswa ta mbatata pachibwano cha mwana. Atafunsa, mtsikanayo anavomera kuti wakhala akumugawirako phala lake lam'mawa, mbatata yomutafunira, ndipo tsiku lina anamunyambititsa filizesi. Mayiwa akufunsa kuti: "Kodi mwana wanga wawonongeka m'mimba? Poti walawa kale, ndingomuyambitsiratu phala? Nanga mkuluyu ndimulange bwanji kuti asadzabwerezenso?"

Mayi, yambani mwakhazika mtima pansi. Ngati mwana akuyamwa bwino, akunyowetsa matewera kasanu ndi kamodzi kapena kupitirira apo usana ndi usiku, sakutentha thupi, sakutsegula m'mimba ndipo alibe chifuwa chachilendo, ndiye kuti wapulumuka. Masipuni ochepa a phala sawononga matumbo a mwana mpaka kalekale. Palibenso choti mutsuke m'mimbamo. Musamupatse madzi, mankhwala azitsamba kapena timankhwala togula pagolosale ati kuti zomwe anadyazo zituluke. Mubwezereni kubere basi, aziyamwa nthawi iliyonse wafuna, kosachepera 8 pa tsiku, usiku womwe.

Kwa masiku awiri kapena atatu muzimuyang'anitsitsa. Chimbudzi chikasintha mtundu pang'ono, kapena mukaonamo tizidutswa ta mbatata tosagayika, sizodetsa nkhawa. Chodetsa nkhawa ndi chimbudzi chamadzi chobwera pafupipafupi kuposa masiku onse, magazi m'chimbudzi, kusanza chilichonse, kukana bere, kulefuka, kukomoka, maso kapena liwombo kulowa m'kati. Mukaona chimodzi mwa izi nyamukani tsiku lomwelo, musadikire tsiku la sikelo. Mwana wa msinkhu uwu amatha madzi m'thupi msanga kwambiri. Popita kuchipatala muzimuyamwitsa m'njira monse. Kumeneko akakupatsani Thanzi ORS, yemwe paketi imodzi amaisungunula m'madzi aukhondo okwana lita imodzi, komanso zinki: kwa mwana wosakwana miyezi 6 ndi 10 mg pa tsiku, theka la piritsi la 20 mg, kwa masiku 10 mpaka 14, ngakhale kutsegulako kutasiya.

Mufunikanso kudziwa zonse zimene mwanayo anapatsidwa, ndipo amene akuzidziwa ndi mtsikana wanu yekha. Mufunseni mofatsa muli awiriwiri. Zinthu ziwiri muzifunse pozitchula dzina. Choyamba ndi mtedza, chimanga chokazinga, mbuliwuli kapena njere ina iliyonse yolimba. Kachidutswa ka mtedza kamatha kulowera njira ya mpweya n'kukakhala m'mapapo, mwana n'kutsokomola kwambiri kamodzi kenaka n'kuoneka ngati ali bwino, koma patapita masiku n'kuyamba chifuwa chosatha, kupuma molira ngati likhweru kapena chibayo. Werengani kupuma kwake ali phee: akamapuma ka 50 kapena kupitirira pa mphindi imodzi, kapena nthiti zam'munsi zikamalowa m'kati popuma, pitani naye kuchipatala ndipo mukanene za mtedzawo. Chachiwiri ndi uchi. Uchi sapatsa mwana wosakwana chaka chimodzi, ngakhale kongonyambita, chifukwa umatha kukhala ndi tizilombo timene timatulutsa poizoni m'matumbo a khanda. Zizindikiro zake ndi kudzimbidwa, kuyamwa mofooka, kulira kwa mawu otsika ndi khosi kulendewera.

Pa funso lanu lachiwiri, yankho ndi ayi, musamuyambitse. Kulawa kamodzi sikutanthauza kuti thupi lakonzeka. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linakhazikitsa uphungu wa miyezi 6 m'chaka cha 2001, ndipo Unduna wa Zaumoyo kuno umaphunzitsa zomwezo, pa zifukwa zimene mukhoza kuziona ndi maso anu.

Khanda la miyezi 4 likadali ndi chibadwa chokankha ndi lilime chilichonse cholimba cholowa m'kamwa. Ndi chifukwa chake mbatata ija munaipeza pachibwano. Womudyetsa akaona choncho amaganiza kuti mwana akutaya, ndiye amakankhiranso sipuni m'kati kwambiri, kapena amamugoneka chagada kuti phala lizingotsika. Pamenepo ndi pomwe ana amatsamwira, chifukwa khosi silinalimbe kwenikweni, sangakhale tsonga, ndipo njira yake ya mpweya ndi yopapatiza kuposa kachala kake kakang'ono.

Kamimba kake nako n'kochepa. Mwana wa makilogalamu 6 m'mimba mwake mumalowa pafupifupi 180 ml nthawi imodzi, osakwana kapu ya tiyi. Phala lamadzimadzi likalowamo limatenga malo a mkaka, pomwe mphamvu zake, mafuta ake ndi zomanga thupi zake n'zochepa poyerekeza ndi mkakawo. Mwana amakhuta koma sanadye. Akakhuta amayamwa pang'ono, ndipo bere limapanga mkaka molingana ndi mmene likuyamwidwira. Pakatha masabata awiri kapena atatu mayi amayamba kudandaula kuti mkaka wachepa, aonjezere phala, mkaka n'kucheperacheperabe. Ana ambiri amene mzere wawo m'buku la kusikelo umayamba kugona pa miyezi 4 kapena 5 nkhani yawo imayambira pamenepa. Kafukufuku wa za umoyo wa m'Malawi muno wa m'zaka za 2015 ndi 2016 anapeza kuti pa ana 100 alionse osakwana miyezi 6, ana 61 okha ndiwo ankayamwitsidwa mwakathithi, ndipo pa ana 100 osakwana zaka 5, ana 37 anali opinimbira.

Kenaka pali ukhondo. Phala lam'mawa limene lakhala m'mbale mpaka 10 koloko, ntchentche zikuterapo, lodyetsedwa ndi dzanja lomwe langochokera kusewera fulaye, limalowetsa tizilombo m'matumbo amene mpaka pano ankalandira mkaka wokhawokha. Madzi a mufilizesi simudziwa komwe anatungidwa. Mchere wa m'ndiwo ndi wa m'tinthu tam'mapaketi umalemetsa impso za khanda. Ludzu lisakunamizeni: mkaka wa m'mawere mbali yaikulu ndi madzi, pafupifupi 87 pa 100, ndipo umakwanira ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo.

Simunanene za izi m'kalata yanu, koma ndizitchule chifukwa owerenga ndi ambiri. Kwa mayi amene ali ndi HIV, kusakaniza bere ndi zakudya zina mwana asanakwane miyezi 6 kumakweza mpata woti mwana atenge kachilombo. Zikachitika musasiye kuyamwitsa mwa mantha. Pitirizani kumwa ma ARV osadumphitsa, bwererani ku bere lokha, mupitirize kumupatsa mankhwala ake, ndipo mukawafotokozere anamwino. Kutafunira mwana chakudya nako kusiyidwe ndi aliyense pakhomo, wamkulu kapena wamng'ono, chifukwa malovu ndi magazi a m'nkhama zotupa zimapatsira matenda. Ndipo mayi amene amadalira kuyamwitsa ngati njira yolerera adziwe kuti njirayo imagwira pokhapokha mwana akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, sanakwane miyezi 6, ndipo mayi sanayambe kusamba.

Tsopano za mtsikana wanu. Ndikupemphani, musamumenye.

Taganizani mmene zinthu zinalili kwa iye. Ali ndi zaka 9, kumsana kuli mwana akulira mosatonthozeka, amayi ali kumsika, agogo ali kumjigo, ndipo iye alibe bere. Wamugwedeza, wamuimbira, sizikutheka. M'manja mwake muli mbatata, mwana akuiyang'anitsitsa n'kumatambasula dzanja. Chibadwire chake mwakhala mukumuphunzitsa kuti kumana n'koipa, akamadya mng'ono wake ali pomwepo azimugawira. Mwinanso anamvapo akuluakulu akunena kuti "kamwanaka kali ndi njala, mkaka wokha sukukakwana." Iye anachita zimene anaphunzira. Chimene sanadziwe n'chakuti mwana wa miyezi 4 amaika m'kamwa china chilichonse, kaya chitenje, kaya chala chake, ndipo kuyang'anitsitsa pakamwa pa munthu amene akudya ndi chidwi chabe.

Chikwapu chimaphunzitsa mwana kubisa. Mtsikana wanu wavomera yekha, n'chifukwa chake lero mukudziwa zoyang'anira. Mukamumenya, mwana akadzaliranso adzamupatsabe kanthu, koma adzapukuta pachibwano ndipo sadzanena. Choopsa koposa n'chakuti tsiku limene mwana adzatsamwe, iye adzayamba waganiza za chikwapu asanakuwe, pomwe pa kutsamwa mphindi imodzi ndi yaikulu. Muuzeni poyera kuti: "Wachita bwino kundiuza. China chilichonse chikalowa m'kamwa mwa mwanayu, ngakhale walowetsa ndiwe, thamanga udzanene, sindikumenya." Ndipo lonjezo limenelo mulisunge.

Lamulo likhale limodzi, lalifupi: m'kamwa mwa mwana simulowa kanthu koma bere la amayi kapena mkaka umene amayi asiya, ndipo womwetsa ndi agogo. Musanene kuti "usamupatse zolimba," chifukwa kwa mwana wa zaka 9 phala, thobwa, sobo ndi tiyi si zolimba. Mufotokozereni chifukwa chake m'njira yoti aone: muonetseni kuti mng'ono wakeyo alibe mano, sangakhale yekha. Muonetseni kachala ka mwanayo, mumuuze kuti mpweya umadutsa panjira yocheperapo kuposa pamenepo. Kenaka tengani kalendala, muzungulize tsiku limene mwana adzakwane miyezi 6, mumuuze kuti sipuni yoyamba ya phala adzagwire ndi iyeyo inu muli pambali. Ana amadikira bwino akadziwa tsiku. Ngati pakhomo kapena kwa aneba pali ana a zaka 3 mpaka 5, amenewo ndiye oopsa kwambiri pa nkhaniyi, chifukwa amaika mwala, kandalama kapena njere ya bwemba m'kamwa mwa khanda pochita masanje. Iwo kuwauza sikukwanira. Asatsale okha ndi khanda ngakhale kwa kanthawi kokatenga mchere kukhitchini.

Koma lamulo lokha silingagwire ngati mwana azikhalabe maola 6 opanda choyamwa. Vuto lenileni lili pamenepo, ndipo si mtsikanayo angalithetse. Khanda la miyezi 4 limafuna kuyamwa pakatha maola awiri kapena atatu. Ngati n'kotheka kupita naye kumsika, imeneyo ndiyo njira yapafupi, ndipo amayi ambiri ogulitsa amatero. Ngati sizingatheke, siyani mkaka wofinya.

Kafinyidwe kake ndi aka. Sambani m'manja ndi sopo. Tengani kapu yokhala ndi chivindikiro, muitsuke ndi sopo, muthiremo madzi owira, muwasiye kwa mphindi zingapo n'kuwataya. Khalani pamalo omasuka, sisitani bere pang'onopang'ono kulowera kunsonga, kapena ikanipo kansalu kofunda. Ikani chala chachikulu pamwamba pomwe pathera kuda kwa bere, chala cholozera pansi pake moyang'anizana. Kankhirani zala ziwirizo m'kati cha kuchifuwa, kenaka finyani n'kusiya, finyani n'kusiya. Musakoke nsonga ndipo zala zisamatsetsereke pakhungu, chifukwa zimenezo zimangopweteka osatulutsa kanthu. Mkaka ukayamba kudontha pang'ono sunthani zala kuzungulira bere, kenaka pitani bere linalo, mubwererenso loyamba. Zonse zimatenga mphindi 20 mpaka 30. Masiku oyamba mukhoza kupeza masipuni ochepa okha, musagwe ulesi. Yambani kuyeserera masiku omwe simukupita kumsika, makamaka m'mawa pomwe mabere amakhala odzaza.

Pa kumwa kumodzi mwana wa msinkhu uwu amafuna pafupifupi 100 ml, lomwe ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a botolo la Fanta la 300 ml. Muyamwitseni mokwanira musananyamuke, musiye makapu awiri osiyana, ndipo mukangofika muyamwitseni musanachite china chilichonse. Makapu akhale awiri chifukwa mkaka umene mwana wamwako n'kusiya suyenera kudikira mpaka masana. Kopanda filiji, mkaka wovindikira bwino woikidwa pamalo ozizira m'nyumba ugwiritsidwe ntchito pasanathe maola 4, makamaka nyengo yotentha. Kuika kapuyo m'mbale ya madzi ozizira kumathandiza. Mufiliji umakhala mpaka masiku 4, koma magetsi akazima nthawi yaitali muziuwerengera ngati uli panja. Mafuta akayandama pamwamba sikuti wawonongeka, ingozunguzani kapuyo pang'ono. Osauwiritsa pamoto. Kuufunditsa ndi kuimika kapu m'madzi ofunda. Inunso kumsikako mabere akadzaza finyani, kuti asatupe komanso kuti mkaka usachepe.

Womwetsa akhale agogo, ndipo muwaonetse inu muli pomwepo kangapo konse. Mwana akhale chokhala pamiyendo, mutu wochirikizidwa, kansalu pansi pa chibwano. Kakapu kakang'ono kagunde mlomo wam'munsi, kapendekeke mpaka mkaka ufike m'mphepete, mwana azimwa yekha. Osathira mkaka m'kamwa. Kapu imaposa botolo chifukwa imatsukika mosavuta, pomwe nsonga ya botolo imasunga litsiro ndipo ana ena akaizolowera amayamba kukana bere.

Agogo mulankhule nawo mwaulemu koma mosabisa, chifukwa n'kutheka kuti ankaona zonsezi ndipo sanaone cholakwika. Ambiri a iwo analera ana awo ndi phala la pa miyezi itatu, ndipo adzakuuzani kuti "bambo akewa anakula nalo." Musatsutsane nawo pamaso pa ana. Apempheni akuperekezeni kusikelo, aone okha mzere wa mdzukulu wawo ukukwera ndi bere lokha, ndipo mlangizi wa zaumoyo awafotokozere. Bambo a mwana akhale mbali yanu pokambirana, makamaka ngati agogowo ndi apongozi anu. Mugwirizanenso kuti ntchito zotalikira, kumjigo, kuchigayo, kumsika wa ndiwo, zizichitika inu mutabwera. Mwana wa zaka 9 akhoza kuthandiza kulera, koma asakhale iye wamkulu pakhomo.

Mtsikanayo mumupatse zochita mwana akalira, kuti asasowe pogwira. Ayambe waona thewera. Amunyamule chilili paphewa n'kumusisita kumsana kuti ageye. Amuyendetse pamthunzi, amuimbire, amupatse choseweretsa chaukhondo chachikulu choti sichingalowe m'kamwa chonse. Akaona mwana akuyamwa zala, akutembenuzira mutu uku ndi uku kufunafuna bere, apite naye kwa agogo asanayambe kulira kwambiri. Ndipo iye akamadya, mwana asakhale pamiyendo pake.

Aliyense wamkulu pakhomo adziwe chochita mwana akatsamwa. Mwana amene akutsokomola mwamphamvu, akulira, nkhope yafiira, mpweya ukudutsa: mukhazikeni tsonga, mulekeni atsokomole, musamupisire chala kukhosi chifukwa mungakankhire chinthucho m'kati. Wotsamwa zenizeni sapanga phokoso. Amatsegula pakamwa mawu osatuluka, milomo ndi lilime zimayamba kuda. Pamenepo mugonekeni chafufumimba pamkono wanu, mkonowo utatsamira pantchafu, mutu wake uli m'munsi kuposa matako, dzanja lanu litagwira nsagwada osati khosi. Mumenyeni ndi chikhatho kasanu mwamphamvu pakati pa mapewa. Chikapanda kutuluka, mutembenuzeni chagada mutu uli m'munsibe, ikani zala ziwiri pakati pa chifuwa m'munsi pang'ono mwa mzere wa timabere, dinikizani kasanu mwamphamvu. Yang'anani m'kamwa, chotsani chokhacho chimene mukuchiona bwinobwino. Bwerezani kasanu kumsana, kasanu pachifuwa, wina akufuna thandizo ndi galimoto kapena njinga. Osamufinya pamimba monga amachitira ndi akuluakulu, osamuzondotsa pomugwira miyendo, osamumwetsa madzi. Akakomoka mugonekeni pamalo olimba, dinikizani pachifuwa ka 30, muuzireni mpweya kawiri pakamwa ndi mphuno pamodzi, muzibwereza choncho mpaka mutapeza thandizo. Ngakhale chinthucho chituluke, pitani naye kuchipatala akamuone. Ntchito ya mtsikana wanu pa zonsezi ndi imodzi: kukuwa ndi kuthamangira munthu wamkulu amene ali pafupi, mwana ali m'manja.

Tsiku la pakalendala lija likafika, onani ngati mwana akukhala tsonga mothandizidwa pang'ono, mutu uli nji, ndipo akumeza m'malo mokankha ndi lilime. Yambani ndi masipuni aakulu awiri kapena atatu, kawiri kapena katatu pa tsiku, mutayamba mwamuyamwitsa, n'kumaonjezera mpaka theka la kapu ya 250 ml. Phala likhale la mgaiwa kapena Likuni Phala, lolimbirako loti silikuyenderera pasipuni mukaipendeka. Muzithiramo nsinjiro zosefa bwino, kasipuni ka mafuta ophikira, dzira lophika lonyenya, usipa wosinja kapena masamba ophika opota, chimodzichimodzi poyamba kuti muone ngati china chikumutulutsa ziwengo kapena kumutupitsa milomo. Mchere ndi shuga musathire. Pa msinkhu umenewu ayironi amene anabadwa naye, yemwe amathandiza kupanga magazi, amakhala akutha, choncho dzira, nsomba, nyemba ndi chiwindi zisachedwe. Mtedza wathunthu, mbuliwuli ndi maswiti olimba zidikire mpaka zaka 5. Achemwali ake asambe m'manja ndi sopo, akhale moyang'anizana naye, adikire mwana atsegule yekha pakamwa, ndipo akatembenuza mutu asiye. Akhoza kumadyetsa choncho masiku onse, bola wamkulu ali pomwepo, ndipo bere lipitirire mpaka zaka 2 kapena kupitirira apo.